N Yotembenuka

Lolemba a Bulashi, wolemba zikwangwani, anapaka utoto woyera kutsogolo kwa nyumba yakale yosanja ya pakati pa tauni, ija ya zipilala zinayi ndi khonde lalitali. Anapaka kawiri kuti Lachisanu alembepo dzina la sitolo ya mankhwala imene mayi wina amafuna kutsegula mmenemo. Lachiwiri m'mawa anapeza pakhoma loyeralo pali mawu ofiira akuti ZITHUNZI.

Poyamba sanade nkhawa. Utoto wakale umatero, umatulukira pansi pa watsopano, makamaka wofiira, ndi wamakani. Anakwera makwerero kuti aone bwino, nakhudza ndi chala. Chala chinabwera chofiira, utotowo unali wosauma. Ndiye anayang'anitsitsa chilembo N. Chinali chotembenuka, mzere wapakati ukukwera m'malo motsika.

M'tauni monse munali munthu mmodzi yekha amene ankalemba N motero, ndipo anali bambo awo, malemu. Mkuluyo sanapite kusukulu, zilembo anaziphunzira ngati zithunzi, ndipo N inamukana mpaka kumanda.

Pakhonde la nyumbayo pankakhala mkulu wina wokonza mawotchi, amene anakalambira pomwepo ndi kabokosi kake kagalasi. Iyeyu sanadabwe nkomwe, ndiye chimene chinawasokoneza kwambiri a Bulashi. Anawafotokozera kuti mafoni asanabwere munali mojambulira zithunzi, ndipo pasanakhale zithunzi munali Mmwenye wa mawailesi amene nyimbo zake zinkamveka mpaka kudepoti. Chipinda cham'mwamba chinakhalapo ofesi ya maloya, kenako sukulu ya mataipi. Eni amasintha, koma wolemba khoma anali mmodzi yemweyo, zaka makumi anayi.

"Bambo ako khomali ankalitcha kope lawo," anatero mkuluyo chapansipansi, diso lili pa wotchi.

A Bulashi anapala mawuwo, napakanso woyera. Lachitatu anapeza MAWAILESI NDI NYIMBO, a buluu, ma N onse awiri otembenuka. Apa anthu anayamba kuima pamsewu. Ena amati nyumba ikukana mankhwala, ena amati ndi omwe analuza malowo akuchita nsanje. Alonda a tsidya lina analumbira kuti sanaone munthu, koma alonda mukuwadziwa, amaona bwino akadzuka. Mmodzi anangoti anamva kukwecha, shwa, shwa, shwa, akumayesa wosesa mumsewu walawirira. Mayi wa mankhwala anati ngati zipitirira aitana wolemba wina.

Zoluza ntchito a Bulashi sanazilabadire. Chimene chinawadya mtima n'china. Zaka zomaliza bambo awo aja mutu unasokonekera, ankatuluka usiku ndi bulashi kukalemba m'makoma mwa anthu mayina a masitolo amene anatsekedwa kalekale, m'mawa osakumbuka kanthu. Anamwalira akutsekeredwa m'chipinda ngati mbuzi. Ndipo matendawo anawayamba ali ndi zaka zomwe a Bulashi anali nazo tsopano.

Madzulo amenewo anakana kudya. Anaonetsa akazi awo zitini zawo zonse: woyera, wakuda, wachikasu. Wofiira analibe, wabuluu analibe. Komabe anafunsa ngati anawamvapo akudzuka usiku. Mayiwo anayesa kuseka, kuti munthu woliza mkonono ngati chigayo angatuluke bwanji osamveka, koma a Bulashi sanaseke.

"Mundikiyire, mayi. Kiyi mugone naye inuyo. Ndili ndi mantha kuti ndine."

Mayiwo anakiya chitseko, natsamiritsapo tebulo, kiyi namumanga m'chiuno. Mawindo anali ndi zitsulo. Makwerero anatsala m'sitolo muja, ndipo kuchoka kunyumba kukafika m'tauni unali ulendo wa ola lathunthu wapansi.

Sanagone mayiwo. Magetsi anali atathima, mdima unali wa ndiweyani, moti ngakhale denga silimaoneka. Anamva agalu akutali, malata akuthetheka chifukwa cha kuzizira, mpopi ukudontha kuseri. Amuna awo anagona tulo tofa nato. Pakati pa usiku mkonono unaleka mwadzidzidzi, ndipo m'malo mwake kunayamba kumveka shwa, shwa, shwa, pang'onopang'ono, pafupi kwambiri. Anapapasa mumdima. Amuna awo anali pomwepo, thupi lofunda, akupuma bwinobwino. Koma dzanja lawo lamanja linali m'mwamba, likuyenda lokha, kutsika, kupendeka, kukwera. Analigwira kuti alitsitse, linali lolimba ngati mtengo. Analisiya, nadzifunditsa kumutu, akupemphera osadziwa kuti akupempha chiyani.

Kutayamba kuyera anayang'ana dzanja lija. M'zikhadabo ndi pakati pa zala munali utoto wobiriwira, wosauma. Tebulo linali pamalo pake, kiyi ali m'chiuno. Anakhala kanthawi akuyang'ana chitseko, kenako dzanja, kenako chitseko. Ndiye anatenga kasanza ndi parafini, napukuta chala chimodzichimodzi mosamala, mwini wake asanadzuke.

Lachinayi khoma linali ndi mawu obiriwira akuti NSALU NDI ULUSI. Tsiku limeneli wokonza mawotchi anaimirira, magalasi ali m'manja. Anati chimenecho chinali chikwangwani choyamba cha nyumbayo, ndi choyambanso cha malemu, anachilemba ali mnyamata wosakwatira. Chinafufutidwa a Bulashi asanabadwe, ndipo panalibe chithunzi chake paliponse. Ngakhale iye mwini anali atachiiwala.

A Bulashi anabwerera kunyumba chothamanga ngati mwana wakhoza mayeso. Zakuti mayi wa mankhwala wawachotsa ntchito anazitchula mongodutsa. Anati kaya ndi mizimu kaya ndi anthu ansanje, izo n'zawo, chachikulu n'chakuti mutu wawo uli bwino. Angalembe bwanji chinthu chimene sanachionepo, ali m'nyumba yokiya? Kenako anaima pakhomo, nawayang'ana akazi awo m'maso.

"Sindinatuluke, eti?"

"Simunatuluke, bambo," anayankha mayiwo, ndipo sananame.

A Bulashi anakhala pansi, misozi yachimwemwe ili mbwembwembwe, nati tsopano awapatse chakudya. Atanyamula kapu ya madzi anaima, nanunkhiza zala zawo.

"Nanga parafiniyu ndamugwira liti?"

Mayiwo anati botolo linatayikira patebulo, ndipo ndi phazi anakankhira kasanza kobiriwira kaja pansi pa kabati.