Malaya Anakulungika Chammbuyo

Lachiwiri m'mawa, chigayo cha ku Lifidzi chinali zii. Mtembo wa Ilídio, injinyeru wachinyamata, unali pansi pa chitsulo chozungulira, malaya atakulungika pachitsulopo. A Romano, ofufuza milandu a ku Ulongwe, sanakhazikike. Analowa, n'kutuluka, n'kulowanso. Ngozi yooneka bwino chonchi inkawasowetsa mtendere: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Chigayo chamukoka malaya, shefi," anatero Martinho, woyendetsa chigayocho, mlamu wa malemuyo. "Apo ayi, mufunse Benedito, wogulitsa mbatata uja. Anayambana dzana."

Koma pa nthawi ya imfayo Benedito anali ku Kalomwe ndi mbatata zake, mboni mbwee.

Masana ku esikwadra ya polisi, Telma, mnzake wa Ilídio wa kuntchito, anatsegula komputadoro ya malemuyo. Panaoneka chithunzi cha chitsulo chija chitagawidwa timagawo ting'onoting'ono ngati ukonde.

"Ankachipotokola muno kuti aone pomwe chingathyokere," anatero Telma. "Pofiirapa pali mng'alu. Komatu chinthu cholimba simungachizunguze mutagwira kadontho kamodzi. Mumagwira nsonga yonseyi, ndiye n'kuchikakamiza."

"Nanga kamuvi aka?"

"Kakuloza komwe motori imazungulira."

A Romano anadzambatuka osatsanzika.

Kuchigayo kuja, chidutswa cha malaya chinali chikadali pachitsulo, chitakulungika mosemphana ndi kamuvi kaja. Kunsonga kwa chitsulo kunali zipsera zatsopano, zonyezimira, za mano a chomangira mapaipi. A Romano anaitana Martinho.

"A Martinho, motori iyi inayamba liti kuyenda chammbuyo? Munagwira apa, n'kuzunguza ndi manja kuti malaya akulungike. Munangoiwala mbali."

Martinho anakhala pathumba la chimanga.

"Ilídio anadziwa kuti chitsulo chinang'aluka, ine n'kuchiwotcherera mobisa. Anati atseka chigayo cha makolo akechi, ndipinde mphasa ndizipita kwathu. Pamaso pa ana anga, shefi! Ndakalamba ndi fumbi la ufa pamudzi pa eni, koma mkamwini ndi mkamwini basi. Mtima unandipsa. Ndinamumenya ndi chomangiracho."

A Romano anamva chisoni, koma unyolo anautulutsabe.

"Mumaopa kuchoka pamudzi pano. Tiyeni, galimoto ikudikira."

Pakhomo panaima Amélia, mkazi wa Martinho, mlongo wake wa Ilídio. Anali atamva zonse. Martinho anamuitana dzina. Amélia anangopatuka kuti mwamunayo adutse, monga achitira ndi mlendo.