Chawezi ndi Mpopi Wabodza

Chawezi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Wangofika kumene ku Doha. Zaka zitatu ankakhala ku Kasungu ndi azakhali. Tsopano akukhala ndi amayi ndi abambo ku Al Duhail, dera lina la mumzindawu.

Chawezi akufuna chinthu chimodzi. Akufuna maluwa a amayi asafe.

Kuseri kwa nyumba kuli kadimba. M'kadimbamo muli tizitsamba titatu. Dzina lake ndi vinka. Vinka sadzalidwa chaka ndi chaka. Amakhala pomwepo, n'kumadikira. Mu Julaye dzuwa likafika poswa mtengo, iye ndiye amachita maluwa ambiri.

Tsiku lina amayi anavala yunifomu ya ku hotela.

"Chawezi, wiki ino ndili pa shifiti yam'mawa," anatero amayi. "Uzithirira maluwa. Madzi ozizira, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Chawezi amaidziwa mipopi. Mpopi wabuluu ndi wozizira. Mpopi wofiira ndi wotentha. Zimenezi ngakhale mwana wa kumkaka amazidziwa.

Lolemba anatsegula mpopi wabuluu. Anadzaza kandowa. Anathirira maluwa.

Lachiwiri anatsegula mpopi wabuluu. Anadzaza kandowa. Anathirira maluwa.

Lachitatu masamba anawerama. Maluwa ena anayoyoka. Chawezi anathira ndowa ziwiri. Masamba anaweramabe.

Chawezi anachita mantha. Sanauze amayi. Sanauze abambo.

Lachinayi ananyamulanso kandowa. Pakhomo anapunthwa. Madzi anamutayikira kuphazi. Chawezi analumpha. Madziwo anali otentha ngati tiyi.

Anti Mwanaidi anasuzumira pageti. Iwo amagwira ntchito panyumba yoyandikana nayo. Kwawo ndi ku Mangochi.

"Iwe Chawezi, ukuvina chiyani opanda ng'oma?"

"Anti, mpopi wabuluu ndi wabodza."

Anti Mwanaidi anaseka. Analoza padenga.

"Waiona thanki iyo? Dzuwa la kuno limaiphika tsiku lonse. Madzi a wabuluu amachokera m'menemo."

"Nanga ozizira ali kuti?"

"Giza, thanki yotenthetsera madzi, ili m'nyumba, pamthunzi. M'nyengo yotentha ino timaithimitsa. Khalasi, basi, ndakuuza zambiri. Zinazo uganize wekha."

Chawezi anaganiza. Anaganizanso. Kenako anathamangira kukhitchini.

Anayang'ana mpopi wofiira. Mpopi wofiira amauopa. Anautsegula pang'ono. Anaikapo chala chimodzi. Anaikapo zala ziwiri. Anaikapo dzanja lonse.

Madzi anali ozizira. Ankachokera mu giza yothimitsa ija.

Chawezi anadzaza kandowa. Anapita kukadimba. Anagwada pansi.

"Pepani, maluwa," anatero. "Ndimakumwetsani tiyi wopanda shuga."

Lachisanu anatsegula mpopi wofiira. Loweruka anatsegula mpopi wofiira. Ankathirira m'mawa, dzuwa lisanakwiye.

Masamba anayamba kudzuka. Kachitsamba koyamba kanadzuka. Kachiwiri kanadzuka. Kachitatu kanachedwa. Kanali kakang'ono kuposa tonse.

Chawezi anadikira. Anadikira masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kanatulutsa duwa limodzi. Duwalo linali lapinki.

Tsiku limenelo amayi anali pa ofu. Chawezi anawagwira dzanja. Anawatengera kukadimba. Anawauza zonse, za mpopi ndi za phazi.

"Kulakwa ndi kwanga," anatero amayi. "Ndinaiwala kuti ndiwe mlendo."

Amayi anakhala pansi. Analoza tizitsamba tija.

"Ukudziwa chifukwa chake tilipo titatu?"

"Ayi, amayi."

"Chaka chilichonse ndinkadzala kamodzi. Ndinkadzala pa tsiku lako lobadwa. Ndinkakusowa kwambiri."

Chawezi anawerenga ndi chala. Kamodzi, tiwiri, titatu.

"Nanga chaka chino mudzala kachinayi?"

"Ayi," anatero amayi. Anamukhazika pamiyendo. "Chaka chino mwiniwake wabwera."