Wamoyo Saikidwa pa Guwa

Araceli anali akuyatsa kandulo yomaliza pa guwa la Tsiku la Akufa pamene dzanja linamugwira pamkono. Linali dzanja louma ndi lozizira, koma linali lidakali ndi mphamvu za munthu amene anazula anyezi m'minda ya ku Weslaco moyo wake wonse.

"Waika chithunzi ichi apa ndani?" anafunsa agogo ake, a Nicanor.

Mtsikanayo anayang'ana pawindo. Dzuwa linali litapendeka, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti dzuwa likapendeka, agogo nawonso amapendeka. M'mawa ankamwa khofi, kuseka ndi kufunsa za mvula. Madzulo akamayandikira, maso awo ankasintha. Ankazungulira m'nyumba akukoka mapazi, kubisa masipuni m'nsapato, ndi kutukwana wobweretsa makalata kuti waba nkhuku zimene anasiya kuweta Araceli asanabadwe. Adokotala anati ndi matenda oiwala amene amagwira anthu okalamba kwambiri. Azakhali anati ndi makani chabe, koma azakhaliwo ankakhala kutali ku Houston.

M'mawa wa tsikulo amayi ake, a Griselda, anamuchenjeza akuthamangira kuntchito.

"Chaka chino guwa ayi, mija, mwana wanga. Tikaika maluwa kumanda Lamlungu, basi."

"Ndiye agogo a Chelo adzabwere kudzapeza pabalaza pali mbee?"

"Mayi anga anapirira bambo angawa zaka zonse zija. Kusowa buledi tsiku limodzi sikungawaphe kachiwiri."

Araceli sanaseke. Agogo a Chelo ndi amene anamuphunzitsa kuti pa Tsiku la Akufa, omwalira amabwerera kwawo atalondola fungo la maluwa achikasu, ndipo amene chithunzi chake palibe pa guwa amangodutsa pakhomo. Iwo anamwalira chaka chatha, ndiye uwu unali ulendo wawo woyamba. Komabe m'nyumbamo imfa yawo sinkatchulidwa. A Nicanor akafunsa kuti Chelo ali kuti, a Griselda ankayankha kuti apita kumsika. Chaka chathunthu munthu ali kumsika, Araceli ankaona kuti bodza limeneli lakula msinkhu.

Choncho atabwera kusukulu anayala nsalu patebulo, nakonza maluwa, buledi wa shuga ndi kapu ya khofi. Anaimika zithunzi za makolo a agogo ndi za mchimwene wawo, kenako pakati penipeni anaika cha agogo a Chelo.

"Ndakufunsa," anatero a Nicanor, akufinya mkono uja. "Waika ndani?"

"Ndine, agogo. Mukundipweteka."

"Wamoyo saikidwa pa guwa. Ngakhale mwana wadzulo amadziwa. Ukaika wamoyo pakati pa akufa, wamuitanira imfa." Anayandikitsa nkhope yawo, namuyang'ana ngati mlendo wolowera pawindo. "Mkazi wanga wakulakwira chiyani? Wakutuma ndani?"

"Ndine Araceli, mdzukulu wanu."

"Mdzukulu wanga ndi khanda. Iwe ndiwe mfiti."

Munthu ameneyu ndi amene kale ankamunyamula paphewa kupita kutchalitchi. Tsopano dzanja lawo lina linkapapasa patebulo pafupi ndi makandulo oyaka. Mantha ndi mkwiyo zinamukwera Araceli pamodzi.

"Agogo a Chelo anamwalira," anatero mokweza. "Kumsika kulibe munthu. Munali pamaliro, munagwira bokosi ndi dzanja lomweli."

Dzanja lija linamasuka. 

"Liti?" anafunsa a Nicanor ndi mawu aang'ono.

Araceli anayang'ana chithunzi chija.

"Chelo wamwalira, ine osandiuza? Wamugoneka ndani? Ali yekha?"

Sanalire. Anatenga chipewa chawo pamsomali, nachivala bwinobwino ngati munthu wopita kukaonana ndi akuluakulu, natuluka. Araceli anaima kaye, akusisita mkono wake, akuganiza kuti angofika pageti n'kubwerera. Atamva geti likulira, anazima makandulo msangamsanga nawathamangira.

Anawapeza akutsata ngalande yothirira minda, ali ndi masilipasi a m'nyumba. Sanali kukoka mapazi monga mwa masiku onse. Ankayenda mwandawala, molunjika kumsewu waukulu kumene malole onyamula malalanje ankadutsa mothamanga, nyali zitayamba kale kuyaka.

"Agogo, tiyeni kunyumba."

Sanacheuke.

"Agogo, ndapota nanu."

Anawagwira malaya, koma iwo anamukankha osamuyang'ana n'komwe. "Ndisiye, mtsikana iwe. Aika mkazi wanga m'manda ine kulibe."

Phokoso la malole linali pafupi tsopano, moti nthaka inkanjenjemera kumapazi. Panjirapo panalibe munthu wina, ndipo foni anali ataisiya patebulo. Araceli anadziwa kuti mphamvu zowabweza alibe. Choonadi anali atachinena kale, ndipo ndi chimene chinkawayendetsa.

Anathamanga nakaima kutsogolo kwawo.

"A Nicanor," anatero mwaulemu ngati mwana wotumidwa ndi anansi, "mayi Chelo akuti muwadikire kunyumba."

Nkhalambayo inaima. Lole inadutsa, mphepo yake n'kugwedeza chipewa chija.

"Watero Chelo?"

"Atero. Akuti musatuluke ndi masilipasi, muwachititsa manyazi."

A Nicanor anayang'ana kumapazi awo. "Mkazi ameneyo pakamwa," anang'ung'udza. Kenako anapereka mkono wawo kuti awagwire, ndipo anabwerera pang'onopang'ono, mapazi akukokanso dothi.

Atafika, Araceli anawakhazika kukhitchini, nalowa pabalaza. Anachotsa chithunzi cha agogo a Chelo, nakachiimika m'chipinda chake kuseri kwa chitseko, ndi duwa limodzi ndi chidutswa cha buledi. Ngati akufa amalondoladi fungo, anaganiza, duwa limodzi likwanira.

A Griselda atabwera anaona guwa, anaona fumbi pamasilipasi, anaonanso zizindikiro zofiira za zala pamkono wa mwana wawo. Anaika chikwama pansi.

"Wawauza?"

"Eya, amayi."

"Inenso ndinawauzapo, maliro atangotha," anatero motsitsa mawu. "Kawiri. Ulendo uliwonse kwa iwo zimakhala ngati amwalira lero."

"Koma aiwala kale. Sakukumbuka chilichonse."

"Pita ukawaone."

A Nicanor anali pomwe anawasiya. Nyemba zimene anawapakulira zinali zitazizira m'mbale. Sanali kuzungulira, sanali kutukwana, sanali kufunsa za aliyense. Misozi inkangotsika m'makwinya a nkhope yawo n'kumagwera pakolala. Mawu aja anali atawaiwala asanafike n'komwe pageti pobwerera, koma chimene mawuwo anabweretsa chinali chitakhala.

Atamuona anamuzindikira, ndipo anatambasula dzanja.

"Araceli, mija, tabwera. Muno mwachitika chiyani? Pamtima panga pakulemera ngati pagwa maliro."

Mtsikanayo anakoka mpando nakhala pafupi nawo. Anatenga kansalu nayamba kuwapukuta masaya.

"Ukudziwa iwe chimene ndikulirira?" anafunsa a Nicanor.

Araceli ankadziwa. Anapinda kansaluko, napukuta tsaya linalo.

"Ndili pompano, agogo," anatero. "Ndikutenthetsereni nyembazi?"