Palafini m'Motolo wa Lourenço

Mwendo wa Bertina unayamba kununkha mlungu umene mitengo ya kuphiri inaphuka masamba ofiira. Mayi ake, Terezinha, anamasula nsanza m'mawa, nayang'ana bala, namanganso. Zitsamba zinali zitakanika. Kachipatala ka pafupi anali atakatentha anthu amfuti. Chipatala chotsala chinali kutsidya kwa malire, ku Malawi, ndipo mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi uja sankatha n'kuponda pansi komwe.

Chinali chaka cha 1986, m'mudzi wina kumapiri a Tsangano. Miyezi itatu m'mbuyomo Lourenço, mwamuna wa Terezinha, anaponda bomba lokwirira m'njira ya kuchigayo. Anakamutola m'mphasa. Bertina, amene ankabwera kumbuyo atasenza chimanga, chitsulo chinamulowa m'katumba.

Lourenço anasiya kagalimoto kobiriwira, kakalekale, ka denga la nsalu yolimba lotchedwa kapota, lopindira kumbuyo kukacha bwino. Anamusiyira Mpwitikizi wolima mbatata amene ankamugwirira ntchito. Chisanu chikayamba, chifunga n'kutseka mapiri, Lourenço ankakagoneka m'chigafa. Ankakakweza pa zitsa, kukhetsa madzi, kukhetsa oliyo wakale, n'kuthira palafini m'motolo, injini yake, kuti asungunule litsiro. Kukayamba kutentha ankakadzutsa: palafini kunja, oliyo watsopano mkati. Zaka khumi ndi chimodzi Terezinha ndiye ankagwira beseni lolandirira palafiniyo. Kuyendetsa ankadziwanso. Chitini cha oliyo chinali chokwirira pansi pa nkhokwe. Chosowa chinali gazolina basi, petulo woyendetsera.

Gazolinayo anabwera naye Alexandre, mng'ono wake wa malemuyo, atamumangirira panjinga m'chigubu. Munthu ameneyu kumaliro sanaoneke.

"Alamu, ndabwera kudzatenga katundu wa akulu anga," anatero asanakhale n'komwe pansi.

"Kumanda mwafikako?"

"Ndikafika, ndikafika. Galimoto ili kuti?"

Mwambo Terezinha ankaudziwa: mkamwini akamwalira, ana ndi a kuchikazi, katundu ndi wa abale ake a mwamuna. Mkazi atsale ndi mitondo ndi misozi.

"Tengani," anatero. "Koma yambani mwandiperekezera mwanayu kumalire. Mwendo ukuwola. Lowani mumuone."

Alexandre anasuzumira pakhomo, natseka mphuno, nabwerera.

"Lero ndikatenga mkazi wanga ndi ana ndi makina osokera. Mawa m'mawa ndidutsa pano, tidzapanikizana."

"Kagalimoto ka anthu anayi? Makina akwere, mwana wa akulu anu atsale?"

"Ndati mawa, alamu. Pronto, basi!"

Mawa wa munthu amene analephera kubwera kumaliro! Terezinha anamutsatira kuchigafa mtima ukuwira ngati mowa wa masese.

Alexandre anavula malaya nayamba ntchito mwamatama, chifukwa kale anali wothandiza woyendetsa lole ku Furancungo. Anasasa maudzu obisira galimoto. Anapopa matayala ndi pompa ya njinga mpaka thukuta kamukamu, naitsitsa pa zitsa. Anathira madzi. M'bokosi lopumira motolo anapezamo chisa cha makoswe, nachitaya akuseka.

"Kapotayo musaipinde youma," anatero Terezinha. "Ipakeni kaye phula, ing'ambika m'mapindiro."

"Ine galimoto ndinazidziwa inu mukusewera masanje."

Anaikankhira kumbuyo mwamphamvu. Kwee! Nsalu inang'ambika chikhato chathunthu. Alexandre anayang'ana kumbali ngati sanamve.

"Alamu, musanathire gazolina, pansi pa motolo pali..."

"Amake Bertina!" Anaimirira, namuloza ndi chitsulo chomasulira. "Ya motolo si ya akazi. Akulu anga anakulekererani, n'chifukwa chake muli pakamwa chonchi. Mwina ndinu munawatuma kuchigayo tsiku lija. Pitani mukandiphikire mbatata."

Anawatumadi ndi Terezinha, chifukwa ufa unali utatha. Miyezi itatu mawu amenewo ankadzibaya nawo yekha. Lero anamubaya nawo munthu wobwera ndi chigubu.

Sanapite kukaphika. Anatsamira mzati wa chigafa, manja atapinda. Anaona Alexandre akusolola kachitsulo koyezera oliyo. Kanatuluka konyowa, kakuda, chifukwa palafini uja anali atasakanikirana ndi litsiro. Munthu wodziwa akanakanunkhiza, kapena kupekesa ndi zala. Alexandre anangokaonetsa kudzuwa.

"Oliyo alimo, wodzaza. Mwaona? Zosavuta."

Mawu anafika pakhosi pa Terezinha. Nkhokwe ija yobisako oliyo inali pomwepo, mapazi khumi okha. Koma mumtima anati: "Ngati mwana wanga sakwera, makina osokera nawonso sakwera. Galimotoyi ife, ifere limodzi ndi mwini wake." Anatseka pakamwa.

Bateriya inali itafooka, choncho amayi atatu a m'mudzimo anaikankhira galimotoyo kumtsetse. Inatsokomola kawiri, nilira, utsi woyera kuti tolotolo. Alexandre anakweza dzanja ngati mfumu ya ku Ulaya, mphepo ikumuwomba m'mutu. Terezinha anamvetsera kulira kwake kukutsika phiri. Khutu lake linkadziwa motolo umenewo kuposa mawu a ana ake. Usanafike pamlatho wa mitengo unayamba kugogoda, go, go, go, ngati wina akusula khasu mkati mwake. Kenako zii.

Anaganiza kuti akondwera. Sanakondwere.

Alexandre anabwerera wapansi dzuwa lili paliwombo, manja akuda, chala chitapsa.

"Wauma gwaa. Sukuzungulira n'komwe." Anakhala pakhonde, mutu pansi. "Ana ndikanawanyamula pamiyendo, mpando wakumbuyo ukanakhala wa Bertina. Ndinalankhula zoipa, alamu, koma mawa ndikanabwera."

Kaya ankanena zoona, kaya ankanama, Terezinha sadzadziwa mpaka kufa.

Madzulo asanafike, kunabwera mbiri yoti anthu amfuti awoneka kumudzi wa kuseri kwa phiri. Aliyense anayamba kumanga mitolo. Alexandre anatumiza uthenga kwa mkazi wake kuti atsogole ndi anthu ena. Iye anatsikira kumlatho ndi mpeni, nadula kapota ija, naimangirira ku nsungwi ziwiri. Anagonekapo Bertina. Kutsogolo kunagwira Alexandre, kumbuyo Terezinha.

Ulendo umene galimoto ikanayenda nyemba za pamoto zisanapse n'komwe, iwo anayenda masiku atatu. Msewu ankaupewa, ankadzera m'makwalala ndi m'madambo. Akapunthwa, Bertina ankakuwa. Tsiku lachiwiri anasiya kukuwa, ndipo zimenezo zinaopsa kwambiri. Mapewa a Terezinha anasupuka mpaka magazi, koma sanapemphe kupuma ngakhale kamodzi.

Kuchipatala, namwino atamasula nsanza anaitana dokotala mothamanga. Dokotalayo anasindikiza chala pamwamba pa bondo, pomwe kuda kunali kutafika.

"Kudaku kwakwera liti?"

"Dzana kunali pansi pa bondo," anayankha Terezinha.

Mwendo dokotalayo anaudula tsiku lomwelo, pantchafu.

Bertina anatsitsimuka tsiku lotsatira. Anayang'ana bulangete pamene panali lathyathyathya, nayang'ana kudenga nthawi yaitali. Alexandre anali atakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Ndine ndinapha galimoto, mwana wanga," anatero mwamunayo. "Kaya inadwala chiyani, koma inafera m'manja mwanga."

Bertina anali mwana wa Lourenço. Nayenso chaka ndi chaka ankaonerera bambo ake akudzutsa galimoto ija.

"Palafini munakhetsa, atate aang'ono?"

"Palafini wanji?"

Mtsikanayo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nayang'ana mayi ake.

"Amayi, simunawauze?"

Terezinha akanatha kunena kuti anayesa kumuuza, munthu n'kumutseka pakamwa. Zinali zoona. Akanatha kunena za maliro, za chigayo, za makina osokera. Zonsezo zinali zoona. Koma anayang'ana bulangete lija, ndipo zoonazo zinamuchepera.

"Ndinadziwa," anatero. "Ndinamuona akuyeza, ndinakhala chete. Ndinkafuna kumupweteka iyeyu."

Alexandre anadzutsa mutu. Bertina sanalire. Anakoka dzanja lake m'dzanja la mayi ake, nalilowetsa m'bulangete, natembenukira kukhoma.

Terezinha anakhalabe pomwepo, chikhato chili chotambasula pamphepete pa bedi, kudikira.