Anabwera Nawo Kuchokera Kudoko

Amuna anga, a Gilibati, anakhala zaka ziwiri ku Mozambiki. Anapita ndi kampani ina yomanga, imene inkakulitsa doko la sitima m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine ndinatsala kwathu, kuseri kwa Nathenje, ndi mwana wathu Precious, amene nthawi imeneyo anali sitandade 5.

Anabwera mu Juni, titakolola kale. Anatsika minibasi pa Nathenje ndi chikwama chimodzi. Anali ataonda, koma ndinati ndi ntchito ya padzuwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti dzuwa likangopendeka ankalowa m'nyumba n'kutseka mazenera. Chonsecho kale ankakhalitsa pa bawo mpaka kuchita kuwatumira mwana.

Tsiku limene ndikunenali linali Lachinayi, patatha masabata awiri chibwerereni. Ndinali pakhonde, ndikutonola chimanga m'lichero. Precious ankalemba za kusukulu pamphasa, mofulumira, mdima usanagwe. Nkhuku zinali zitalowa kale. Kenako ndinamva fungo. Linali ngati la nsomba zoyamba kuwola, koma lakuthwa, lofika mpaka kukhosi.

"Odi kuno."

Nditatukula mutu ndinaona bambo ataima pafupi ndi nkhokwe. Sindinamve kubwera kwawo. Anavala kabudula wa khaki, ndipo m'malo mwa malaya anali ndi chiguduli chobooledwa pakati. Zonse zinali zonyowa, madzi akuchita kudontha. Mvula inali italeka mu Epulo.

"Fikani," ndinatero.

Sanasunthe. "Mayi, ndifunse nawo. Njira ya kwa Kapendeka ndi iti?"

Chichewa chawo chinali chakale, chokoka, ngati cha anthu amene ndinawapeza atakalamba kale ine ndili mwana. Ndinawauza kuti mudzi umenewo sindiudziwa, koma ndiwafunsira kwa abambo m'nyumbamo.

A Gilibati ndinawapeza ataima kuseri kwa chitseko. Anali atamva zonse.

"Amake Precious, lowetsani mwana," anatero chapansipansi. "Musawayankhenso."

Nditatuluka, pafupi ndi nkhokwe panalibe munthu. Precious anali atasiya kulemba. Anandiuza kuti bambo aja sanachoke, angoleka kuoneka.

Titadya, mwana atagona, amuna anga anandifotokozera.

Anati doko lija linayamba ndi khoma limodzi la miyala, lotchinga mafunde kuti sitima zizikocheza. Linamangidwa nthawi ya Apwitikizi, pamalopo pali matope ndi timakumbi ta asodzi basi. Miyala ankasenza ndi anthu achibalo. Ena anali ochokera kwathu kuno, amene anapita kukafuna ntchito ya njanji n'kukagwidwa kumeneko. Khomalo litatha m'pamene kunabwera njanji, mashedi a katundu, misewu ndi magetsi, mpaka malowo anakhala tauni. Kenako nkhondo inaimitsa zonse, khoma n'kuyamba kugumuka. Ntchito ya a Gilibati ndi anzawo inali kugwetsa mbali yogumukayo n'kuthira konkire, kuti pazifika sitima zikuluzikulu za masiku ano.

"Titafika kunsi kwa khoma lakale tinapeza mafupa," anatero. "Osati a munthu mmodzi. Anali pakati pa miyala, ena chokhala, ena chogona. Achikulire a kumeneko anatiuza kuti munthu akagwera m'menemo ntchito sinkaima. Ankangothira miyala pamwamba pake."

Kapitawo wawo anati nawonso asaime, chifukwa sitima yoyamba ili ndi tsiku lake. Anawalamula kuwolera mafupawo m'matumba a simenti n'kuwaponya m'dzenje momwe ankathira konkire.

"Ine ndinasenza matumba anayi. Poponya lomaliza mtima unandipweteka, ndiye ndinati, 'Pepani akuluakulu, ine ndangotumidwa.' Ndinanena m'Chichewa. Pamenepo m'pamene ndinalakwa."

Madzulo a tsiku lomwelo, ali m'chisakasa cha malata momwe ankagona, anamva munthu panja akufunsa kuti, "Achimwene, mwayankhula chakwathu. Kwanu n'kuti?" Iwo anayesa ndi Mmalawi mnzawo wolembedwa kumene ntchito. Anayankha kuti ku Nathenje, kufupi ndi Mitundu. Munthuyo anati, "Ndi kwathu komweko. Mukamapita mutitenge."

"Ndinatsegula, osapeza munthu," anatero a Gilibati. "Kuyambira pamenepo sanandisiye. Miyezi itatu akhala akundifunsa kuti tinyamuka liti. Ndinachoka osatsanzika aliyense. Ndimayesa kuti anthuwo sangawasiye madzi aja."

Lachisanu anabwera atatu. Loweruka sindinathe kuwawerenga. Tinkawaonera pamng'alu wa zenera, ataima pabwalo pamzere ngati anthu odikira kupatsidwa ntchito. Sankagogoda. Woyamba uja yekha ndiye ankafunsa, mwaulemu, funso lomwe lija. Akafunsa ankadikira. Kenako ankafunsanso.

M'mawa pabwalo pankakhala poyera mbuu. Ndinagwira ndi chala n'kulawa. Unali mchere. Mpiru wanga wa kuseri kwa nyumba unafota sabata yomweyo. Chitsime chimene tinkamwa mabanja asanu chinayamba kuwawa, ndipo amayi anzanga anasiya kundipatsa moni. Mmodzi anachita kubwera ndi kapu ya madziwo, kuiika pakhonde panga n'kubwerera.

Abusa anabwera ndi amayi a mvano kudzapemphera. Tinaimba kuyambira masana mpaka dzuwa kufiira. Anthu aja anadikira kunja kwa mpanda. Alendo athu atangochoka, analowa n'kuima pamalo pawo.

Lolemba a Gilibati anapita ku Mitundu kukafunsa za mudziwo. Anazungulira msika wonse. Amene anaudziwa anali mmodzi yekha, a Isake, bambo wokalamba wosoka nsapato pafupi ndi pokwerera minibasi. Iwo anati kwa Kapendeka kunali kupitirira Mitundu, njira ya ku Malingunde. Anamva kwa amayi awo kuti anyamata a m'mudzimo anapita kunyanja yamchere chaka chimodzi, onse, ndipo sanabwerere. Otsala anabalalika. Pano malowo ndi munda wa fodya wa esiteti ina, ndipo palibe amene angaloze ngakhale pamene panali manda.

A Gilibati atafika kunyumba anakhala pamwala nthawi yaitali.

"Ndiwaperekeza," anatero. "Akakaona okha mwina atisiya."

Ndinawagwira malaya. "Bambo a Precious, mukawasonyeza chiyani? Zitsa za fodya?"

"Nanga nditani? Amene ndinawayankha ndine."

Dzuwa litalowa anatsegula chitseko n'kutuluka. Ndinamva akuti, "Tiyeni, akuluakulu." Ndinasuzumira. Iwo anali patsogolo, enawo pambuyo, mitu yowerama ngati asenza katundu wolemera. Ndinkayembekeza kuti mzerewo utha msanga, koma unangopitirira kutuluka pachipata. Precious anandikoka chitenje kuti ndichoke pazenera.

Sindinagone. Kutacha foni yanga inalira. Anali mlonda wa pa esiteti ija, nambala yanga anaipeza m'foni mwa a Gilibati. Anati anawapeza mbandakucha atakhala pakati pa munda, opanda nsapato, zovala zili zonyowa, milomo itang'ambika. Poyamba anawayesa mbava. Anthu atasonkhana ena anati ndi mfiti yagwa, mpaka anatola miyala. Chinawapulumutsa n'chakuti sankathawa, ankangolira.

Ndinakawapeza kuchipatala cha ku Mitundu atawaika dripu. Anamwino anati sanawapeze ndi matenda, kungoti thupi lauma ndipo mapazi atupa. Atandiona anatembenukira kukhoma.

"Mwawasiya?" ndinafunsa.

"Akana. Akuti si pamenepo. Akuti kwawo kunali mkuyu, kunali makola, kunali anthu. Anayamba kuitana amayi awo ndi akazi awo, mayina mayina, usiku wonse. Palibe anayankha. Akuti poti kwawo kulibe, akhala kwa amene anawatenga."

Sabata yomweyo ndinasamukira kwa mayi anga ku Mitundu pamodzi ndi Precious. Amuna anga ndinawachonderera kuti tipite tonse. Anakana. Anati kumene iwo angapite ndi kumene anthuwo angapitenso, ndipo sakufuna kuwononga chitsime china.

Pano chaka chapitirira. Loweruka lililonse ndimakwera kabaza kukawasiyira ufa, ndiwo ndi madzi akumwa, ndipo ndimabwerera dzuwa lili pamutu. Mabanja awiri oyandikana nafe anasamuka. Pabwalo pathu sipameranso ngakhale udzu. Precious amandifunsa kuti abambo ake abwera liti, ndipo ine ndimati akachira.

Mu Januwale ndinapeza miyala itaunjikidwa kuseri kwa nyumba. Mwezi wotsatira inali itasanduka khoma. Pano khomalo ladutsa m'munda mwathu n'kulowera kudambo. Ndi lalitali kuposa munthu, ndipo pamwamba pake ngolo ingathe kuyenda. Miyala ina amuna khumi sangaisunthe. Kumene ikuchokera palibe akudziwa. Manja a amuna anga ndi zilonda zokhazokha.

Ndinawafunsa kuti akumangiranji.

"Ine ndimangowapatsira," anatero, osandiyang'ana. "Ntchito imene akuidziwa ndi yomweyi. Akuti sitima ili pafupi, kapitawo asapeze lisanathe."

Anthu a kwathuko sanena za ife mokweza, koma kumjigo amanong'onezana. Ena amati a Gilibati anakatenga mankhwala olemerera kunja n'kuphonya chizimba. Ena amati ndi misala chabe, ngakhale sanena amene amanyamula miyala ija.

Loweruka lapitali, ndikubwerera, anandiimitsa mayi wina wachikulire amene malemu amuna awo anagwirapo ntchito kunyanja. Anandigwira mkono n'kuyang'ana kukhoma kuja nthawi yaitali.

"Mwana wanga, Precious usadzabwere naye kuno," anatero. "Khoma lotere salimanga pouma. Amalimanga pamene akudikira madzi."