Envulopu Yopsa Pakona

Burgi anakumana ndi Severin pokwerera basi mumzinda wa Graz, Loweruka lina kukuomba chimphepo. Buku lake la masitampa linamupulumuka m'manja, maenvulopu n'kumwazika pansi.

"Musagwire ndi zala!" anakuwa Burgi ataona mnyamata wina akuwerama.

Mnyamatayo anangomwetulira, n'kutulutsa kachopanira masitampa m'thumba la jekete. Anatola imodziimodzi mwaulemu ngati akutola mazira.

"Iyi inauluka pa roketi, eti? Chidindo chake chikuonekeratu," anatero. "Koma chemwali, pa zonse ndaona pano, chosowa kwambiri ndi mwini wakeyo."

Burgi anamuyang'anitsitsa. Anzake a kuntchito ankamuseka kuti kutolera makalata ouluka pa roketi ndi masewera a madala a dazi. Ndiye lero mwamuna wamtali, wa maso aulesi, woyenda ndi kachopanira m'thumba? Basi inabwera n'kupita, awiriwa osaiona n'komwe.

Kuyambira tsikulo foni ya Burgi inasiya kupuma.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Mtima wanga wanyamuka kale kuno, ukutera pakhomo pako."

"Iwe Severin, bodza lakolo udzapita nalo kuti?"

"Bodza? Dali, ine ndikasiya kukukonda ndiye kuti andiika m'manda."

Mtsikana wanzeru zake, wogulitsa mankhwala osalakwitsa, anayamba kuseka yekha m'basi. Chikondi ndi misala, chikakugwira umaiwala ndi dzina lako lomwe.

Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chitasungunuka, Severin anamutengera pamwamba pa phiri la Schöckl. Kumeneko anagwada, n'kutulutsa envulopu yakale, yofiirira, yopsa pakona.

"Roketi yake inaphulika m'mwamba agogo anga ali mnyamata," anatero mawu akunjenjemera. "Makalata onse anapserera, inapulumuka iyi yokha. Mphete aliyense atha kugula, koma iyi ilibe inzake padziko lonse, ngati iweyo. Burgi, ukhale mkazi wanga."

Burgi analira ndi chisangalalo, n'kuvomera katatu konse.

"Chinthu chimodzi, wapamtima," anawonjeza Severin. "Usakaionetse ku kalabu yanu ya masitampa. Madala aja ndi ansanje."

Koma kodi wotolera masitampa angabise chinthu chosowa chonchi? Ngakhale nkhuku ikaikira dzira imatetera. Lachinayi lotsatira, Severin ali ku Linz kuntchito, Burgi anathamangira kumalo odyera kumene kalabu yawo imakumanira. Anafuna kuti onse amve kuti iye akukwatiwa.

Mwambo wa kalabuyo ndi wakuti wapeza chatsopano amachiika pa nsalu yobiriwira pakati pa tebulo, aliyense n'kuchiona ndi galasi lokulitsira. Burgi anaika envulopu yake pansalupo.

"Madala, pukutani magalasi," anatero akuseka. "Iyi ndi mphete yanga ya chinkhoswe. Ilipo yokha padziko lonse."

Anthu anaomba m'manja. A Pichlmayr, wapampando wa kalabu, anaitanitsa vinyo. Koma mlendo wina, mtsikana wa ku kalabu ya ku Linz dzina lake Kordula, yemwe anabwera kudzasinthana masitampa, sanaombe nawo. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Achemwali, wakupatsani ndani imeneyi?"

"Bwenzi langa, Severin."

"Wamtali? Woyenda ndi kachopanira m'thumba?"

Kordula anatsekula chikwama chake. Anatulutsa envulopu yofiirira, yopsa pakona, n'kuiika pambali pa inzakeyo.

"Inenso anandiuza kuti ilipo yokha," anatero. "Ukwati wathu uli mu Okutobala."

Burgi anamva ngati pansi pakutsetsereka, komabe mtima wake unakana. Mwina maroketi anali awiri? Mwina agogo aja anaiwala kuwerenga?

"Bambo Pichlmayr, chonde ziyang'aneni bwino," anapempha. "Yanga ndi yeniyeni, si choncho?"

Mkuluyo anavala magalasi, n'kuwerama nthawi yaitali. Ananunkhiza, n'kukanda pang'ono ndi kachopanira.

"Mwana wanga, roketi sidontheza phula," anatero motsitsa mawu. "Uwu ndi moto wa kandulo. Munthuyu anagwira maenvulopuwa pamodzi ngati makadi, n'kuwaotcha nthawi imodzi."

Misozi inatsika m'masaya mwa Burgi. Sichinali chinyengo cha pepala chomwe chinamupweteka, koma kuti munthuyo anagwada, mawu n'kumanjenjemera. Kordula anamugwira dzanja, naye akulira.

A Pichlmayr anali asanaweramuke. Anasanjikiza maenvulopu awiriwo, kuwasuntha uku ndi uku, kenako n'kuvula magalasi.

"Pepani ana anga, nkhaniyi sinathe," anatero. "Kupsaku sikukulumikizana, kukudumpha. Pakati pa maenvulopu awiriwa panali ina yachitatu."