Kamphete Kopindika

Galimoto ya aphunzitsi opuma ntchito inabweranso kachitatu, ikudonthabe oyilo. Aphunzitsiwo sanakalipe. Anangoika makiyi pa benchi.

"Amisiri, zaka makumi awiri sindinapiteko kwina. Koma ikadonthanso, mundikhululukire."

Kachete anamva zonsezi ali pakhomo pa galaja ya bambo ake, chikwama cha kusukulu chidakali kumsana. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo, poti mawu ake ankachita kukumba. Ankadziwa kuti makasitomala ena onse anathawa kale, kunangotsala aphunzitsi okhawa.

Injini ya galimotoyo inali yachikale, yakumbuyo, yozizira ndi mphepo osati madzi. Kunsi kwake kunali timapaipi tinayi tobweza oyilo, kalikonse kali ndi kamphete ka labala kumapeto kotseka mpata. Bambo anagona chagada pansi pa galimotoyo, nazula timapaipi tija kuti atiikenso ndi timphete tatsopano.

"Mayi, tandiunikireni kuno," anauza mwana wawo wamkaziyo.

Kachete anadabwa, poti kunja kunali kukuwalabe. Komabe anatenga tochi nakwawira pansipo. Anaona bambo akufufuza bowo lolowetsapo kapaipi ndi zala, nkhope ili pafupi kwambiri ndi chitsulo. Atakankha kapaipi koyamba, kamphete kanapindika, mbali ina n'kutulukira kunja ngati lilime. Bambo anayang'ana pomwepo nagwedeza mutu mokhutira.

Apa Kachete anazindikira kuti bambo ake sakuona bwino. Ndiye chifukwa chake masiku ano ankamuwerengetsa mauthenga a pafoni, amvekere manja ali ndi girisi.

"Kakhala bwino, eti?" anafunsa bambo.

Zikanakhala zosavuta kungoti inde.

"Bambo... kapindika."

"Pati?"

Anagwira chala chawo n'kuchiika pa labalayo. Bambo anasisita malowo kawiri, kenaka dzanja linagwera pachifuwa.

"Chiyambire chaka chatha ndimangoona ngati utsi," anatero motsitsa mawu. "Ndimati zitha zokha. Amayi ako usawauze."

"Ndikapanda kuwauza ine, muwauza inuyo?"

Bambo anaseka pang'ono, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Taonani zinazi. Munthu wosayankhula, tsiku loyamba kutsegula pakamwa akulamula bambo ake."

Anazulanso kapaipiko. Anamuphunzitsa kupaka kamphete oyilo kaye kuti katerere, ndi kukankha pang'onopang'ono osapotoza. Manja anali a bambo, maso a mwana.

"Kumanzere pang'ono. Imani. Kalowa."

Atamaliza tonse tinayi, analiza injini n'kuyala katoni pansi pake. Anadikira atakhala pa matayala akale. Kachete atasolola katoniyo, inali youma.

Madzulo, bambo anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anakaima pakhomo pa khitchini, akupotokola chipewa.

"Amake mwana," anatero, "mawa mutandiperekezako kuchipatala. Pali zimene sindinakuuzeni."